Dzulo inatulutsa 0.84, lero 0.79: kukonza khodi ya kafukufuku popanda kuipha liwiro

Patatha miyezi isanu chitumizireni pepala langa loyamba kwa ounika, yankho linabwera ndi pempho looneka laling'ono. Ankafuna ndijambulenso chithunzi chachitatu, ndiwonjezeremo gulu limodzi la deta limene ndinalisiya. Nditatsegula foda ya ntchitoyo ndinapezamo ma notebook anayi (mafayilo amene khodi imalembedwamo m'tizigawo totchedwa maselo, ndipo selo iliyonse imayendetsedwa payokha): `analysis`, `analysis_v2`, `analysis_final` ndi `analysis_final2`. Ndinayendetsa yomalizayo, ndipo pamene m'pepala munalembedwa 0.84 panatuluka 0.79. Ina inaimira panjira, ina inapereka 0.81. Mtima unangoti myuu. Panatha masiku anayi ndisanadziwe chinachitika. Tsiku lina madzulo ndinalemba selo yochotsa mizere yopanda miyezo yokwanira, ndinaiyendetsa kamodzi, kenako ndinaifufuta poyeretsa notebook. Seloyo inachoka patsamba, koma ntchito yake inatsalira m'memory ya kompyuta, ndipo 0.84 anabadwira pamenepo.

Anthu akamva nkhani yotere amafulumira kulangiza kuti ofufuza azilemba khodi ngati akatswiri opanga mapulogalamu. Ine ndimavomereza theka lokha. Wopanga pulogalamu amayamba akudziwa chimene akumanga. Wofufuza amayamba ndi funso, ndipo malingaliro ambiri amene angayese sabata ino afa dzuwa lisanalowe. Kulembera test (khodi yoyesa ngati khodi ina ikugwira bwino) lingaliro limene lifa masana n'kutaya nthawi imene ikanapita ku lingaliro lotsatira. Khodi yofufuzira ili ndi ufulu wokhala yosalongosoka.

Chimene chimatipweteka ndi chakuti khodiyo imasintha ntchito ife osazindikira. Lolemba inali yongofunsira funso. Lachinayi nambala yake yalowa mu uthenga wopita kwa woyang'anira kafukufuku, mwezi wotsatira ili m'tebulo la pepala, ndipo khodi ikadali yomwe ija ya Lolemba. Malire amene ndimagwiritsa ntchito ndi awa: nambala kapena chithunzi chikangochoka pa kompyuta yanu kupita m'maso mwa munthu wina, chasanduka umboni, ndipo khodi imene inachitulutsa iyenera kuyankha mafunso. Mavuto onse ali m'munsiwa amabuka pamene malirewa awolokedwa mwakachetechete, kupatula limodzi lakumapeto, limene limabuka munthu akawawoloka msanga.

Notebook inayenda dzulo, lero ikukana kapena ikupereka yankho lina

Yambani n'kuyang'ana manambala a m'mbali mwa maselo. Jupyter, pulogalamu yoyendetsera ma notebook, imalemba nambala pa selo iliyonse malinga ndi nthawi imene inayendetsedwa. Ngati kuchokera pamwamba mukuwerenga 3, 18, 5, 41, 12, ndiye kuti zimene kernel (mbali imene imayendetsa khodi n'kusunga zotsatira m'memory) inachita si zimene tsamba likusonyeza. Manambala odumphidwa akutanthauza maselo amene anayendetsedwa kangapo kapena amene anafufutidwa. Kernel imakumbukira zonse, tsamba limangosonyeza zimene zatsala.

Zoyambitsa zake kawirikawiri ndi zitatu. Pali variable imene inapangidwa ndi selo yofufutidwa, monga zinandichitikira ine. Pali selo imene imasintha chinthu pamalo pake pomwepo, monga `x = x / 1000` kapena `df = df[df.zaka > 18]`, moti kuiyendetsa kawiri sikufanana ndi kuiyendetsa kamodzi. Ndipo pali dzina limodzi, makamaka `df`, limene likutanthauza deta yosaphika pamwamba, deta yoyeretsedwa pakati, ndi chinanso pansi.

Musadzione ngati ndinu nokha. Mu 2019, João Felipe Pimentel ndi anzake anasonkhanitsa ma notebook oposa miliyoni imodzi pa GitHub, webusaiti yosungirapo khodi. Mwa amene anayesa kuwayendetsanso, pafupifupi 24 pa 100 alionse ndiwo anafika kumapeto popanda cholakwika, ndipo pafupifupi 4 okha pa 100 anatulutsa zotsatira zofanana ndi zimene zinasungidwamo.

Ngati mwagwa kale m'dzenjeli, pali chingwe chimodzi chimene ambiri sachidziwa. IPython, imene imayendetsa khodi ya Python mu notebook, imasunga zonse zimene munayendetsa m'fayilo ya `history.sqlite`, ndipo lamulo la `%history -g mawu` limasaka m'ma session akale omwe. Selo yanga yofufutidwa ndinaipeza momwemo.

Kuti zisachitikenso, zolowerani kuyambitsanso kernel n'kuyendetsa maselo onse kuchokera pamwamba musanauze munthu aliyense nambala. Mukhoza kuchita zimenezi osatsegula n'komwe notebook, ndi `jupyter nbconvert --to notebook --execute`. Deta ikasintha maonekedwe ipatseni dzina latsopano: `yosaphika`, `yoyeretsedwa`, `yophunzitsira`. Ngati mukuzengereza kuyambitsanso kernel chifukwa sitepe ina imatenga mphindi makumi anayi, sitepeyo sikuyeneranso kukhala mu notebook. Ichotseni ikhale script payokha, izilemba zotsatira zake m'fayilo, notebook izingowerenga fayiloyo. Chimodzimodzi function imene mwaikopera mu notebook yachitatu: isamutsireni m'fayilo ya `.py`, muziitenga ndi `import`. Mukaika `%load_ext autoreload` ndi `%autoreload 2` pamwamba, zimene mwasintha m'fayiloyo zimaoneka nthawi yomweyo, ndipo liwiro lofufuzira silichepa.

Simukudziwa khodi imene inatulutsa nambala ya m'pepala

Mafayilo a `final` ndi `final2` amasonyeza munthu amene akufuna kusunga mbiri koma akuisunga ndi manja. Git, imene Linus Torvalds anailemba mu 2005, ndi ntchito yake imeneyi. Pa khodi yofufuzira simukufunika ma branch ambiri kapena mauthenga a commit okongola. Chitani commit (kusunga mu Git mmene khodi ilili pa nthawiyo) nthawi iliyonse imene mwapeza chinthu, n'kulembamo chimene mwapezacho: "kuchotsa mizere yopanda miyezo kwakweza kufika 0.84". Uthenga wotere ndi buku la mu labotale. Tsiku lotumiza pepala ikani tag, dzina lozindikiritsa, pa commit imeneyo.

Komabe Git payokha sikwanira, poti imasunga khodi koma siidziwa kuti chithunzi chachitatu chinachokera ku commit iti. Chingwe cholumikiza ziwirizi muyenera kuchimanga nokha, ndipo ndi mizere yochepa chabe:

```python
chizindikiro = subprocess.check_output(
    ["git", "describe", "--always", "--dirty"], text=True
).strip()
```

Kuyendetsa kulikonse kumene zotsatira zake mungazisonyeze munthu kukhale ndi foda yakeyake, dzina lake likhale tsiku ndi nthawi. M'fodamo muzilowa zotsatira, ma parameter onse (mitengo imene mwasankha poyendetsa khodi), seed (nambala imene kompyuta imayambirapo potulutsa manambala amwayi), ndi chizindikiro chimenechi. Chikatuluka ndi mawu akuti `dirty` kumapeto, ndiye kuti panali zosintha zimene simunachite commit, ndipo nambala imeneyo sindingakulangizeni kuiika m'pepala. Ma parameter achotseni pakati pa khodi muwaike m'fayilo imodzi ya YAML kapena JSON. Kusintha 0.01 kukhala 0.001 pa mzere wa 212, kuyendetsa, n'kubwezeretsanso, ndiyo njira yachidule yotulutsira nambala yopanda kholo.

Ma notebook amavuta mu Git chifukwa mkati mwake ndi JSON yodzaza ndi zithunzi ndi zotsatira, moti kusintha liwu limodzi kumaoneka ngati mwasintha mizere mazana. `nbstripout` imachotsa zotsatira musanachite commit, ndipo Jupytext imasunga mnzake wa notebook ngati fayilo wamba ya `.py` yowerengeka bwino. Sankhani chimodzi.

Deta yosaphika musaikhudze ngakhale pang'ono. Iikeni m'foda imene mwaitsekera kulembamo, ndipo kukonza kulikonse, ngakhale kwa chilembo chimodzi, kuchitike m'khodi. Mukatsegula fayilo mu Excel kuti "mungokonza pang'ono", mwachita sitepe imene palibe adzaione, ndipo nthawi zina Excel imachitanso zake. Mayina a majini monga SEPT2 ndi MARCH1 imawasandutsa madeti. Kafukufuku wa 2016 anapeza cholakwika chimenechi pafupifupi m'pepala limodzi mwa asanu alionse okhala ndi mindandanda ya majini mu Excel, ndipo mu 2020 komiti yopereka mayina a majini a anthu, HGNC, inachita kusintha mayinawo, MARCH1 n'kukhala MARCHF1. Mafayilo akuluakulu musawakankhire mu Git, poti GitHub imakana fayilo yopitirira 100 MB. Asungeni kwina, koma mulembe checksum yawo (chizindikiro chimene chimasintha fayilo ikangosintha) ndi `sha256sum` kuti mudzadziwe ngati deta ya lero ndi yomwe ija ya chaka chatha.

Kwa ine ikuyenda, kwa mnzanga ikukana

Apa wokayikiridwa woyamba ndi ma version a malaibulale, khodi yolembedwa ndi ena imene khodi yanu imadalira. Khodi imene ili ndi `np.float` inkayenda kwa zaka zambiri, koma kuyambira NumPy 1.24 imaima. `DataFrame.append` inachotsedwa mu pandas 2.0 mu 2023. Zoterezi n'zabwinoko chifukwa zimakuwa. Zoopsa ndi zimene laibulale yangosintha mtengo wa parameter imene inu simunaitchule, khodi n'kumayendabe, yankho litasintha. Ntchito iliyonse ikhale ndi environment yakeyake, malo akeake oikamo malaibulale, ndipo ma version ake alembedwe: `pip freeze`, `conda env export`, kapena `renv` kwa ogwiritsa R. Docker, imene imalongedza khodi pamodzi ndi zonse zimene imadalira, ndi yothandiza pamene khodi ikudalira zinthu za kunja kwa Python kapena R, kapena ikupita pa makina a ena. Kwa munthu mmodzi wosanthula tebulo limodzi, n'kusenza nkhwangwa pokadula udzu.

Wokayikiridwa wachiwiri ndi njira za mafayilo zolembedwa ndi dzina lanu, monga `C:\Users\...`. Zonse ziyambire pa foda ya ntchitoyo.

Wachitatu ndi wobisika, ndipo nkhani yake ndi yoti wofufuza aliyense aidziwe. Mu 2019, ofufuza a pa University of Hawaii anaona kuti ma script a Python amene anafalitsidwa mu 2014, owerengetsera zotsatira za NMR (njira yodziwira kapangidwe ka mamolekyu), akupereka mayankho osiyana pa makompyuta osiyana. Gwero lake linali `glob`, imene imabweretsa mndandanda wa mafayilo popanda kulonjeza kuti abwera motsatana bwanji. Ma script aja ankayembekezera kuti mafayilo abwera mu dongosolo, ndipo pa makompyuta ena ankabweradi choncho, pa ena ayi. Panalibe uthenga wa cholakwika, manambala okha ndiwo ankasiyana. Mankhwala ake anali kuika mafayilowo mu dongosolo asanawerengedwe. Sakani m'khodi yanu lero paliponse pamene pali `glob` kapena `os.listdir`, muone ngati pali `sorted()`.

Nambala ikusuntha pang'ono nthawi iliyonse

Ikani seed, ndipo mukumbukire kuti `random` ya Python, NumPy ndi PyTorch chilichonse chili ndi yakeyake. Ku R ndi `set.seed`. Ikamasunthabe kumapeto kwenikweni kwa madesimo, chifukwa chake chimakhala kawerengedwe ka kompyuta. Mu Python, `0.1 + 0.2` amapereka 0.30000000000000004, ndipo kuphatikiza manambala omwewo motsatana mosiyana kumasintha madesimo omalizira. Pa GPU kapena pamene ntchito yagawidwa pa ma core ambiri, dongosolo lophatikizira silikhala lomwelo nthawi zonse. PyTorch ili ndi `torch.use_deterministic_algorithms(True)` kwa ofuna kufanana ndendende, ngakhale nthawi zina imachedwetsa ntchito.

Koma chenjerani ndi seed, poti imatha kubisa matenda. Yendetsani ndi ma seed asanu kapena khumi muone mmene nambala ikumwazikira. Ngati njira yanu ikupambana ndi seed 42 koma ikugonja ndi 7, khodi ilibe mlandu. Mwapeza kuti kusiyana kumene mumafuna kulengeza n'kochepa kuposa phokoso la m'deta, ndipo zimenezo ziyenera kulembedwa m'pepala.

Khodi ikuyenda bwinobwino koma yankho ndi labodza

Ili ndiye limandisowetsa tulo, chifukwa lilibe chizindikiro. Pulogalamu ya pa foni ikalakwika, ogwiritsa ntchito amaona batani losagwira n'kudandaula. Khodi ya kafukufuku ikalakwika imatulutsa nambala, ndipo popeza yankho lenileni simukulidziwa (mukanalidziwa sakanakhala kafukufuku), nambala yabodza ndi yoona zimavala malaya amodzi.

Mu December 2006, Geoffrey Chang wa ku Scripps Research Institute ku California anabweza mapepala asanu, atatu mwa iwo a m'magazini ya Science, ofotokoza kapangidwe ka mapuloteni. Pulogalamu yopangira pa labotale pomwepo inasinthanitsa ma column awiri a deta, ndipo chithunzi cha puloteni chinatuluka chotembenuka. Pepala loyamba linali la 2001. Cholakwikacho chinaululika pamene gulu lina la ku Switzerland linafalitsa kapangidwe ka puloteni yofanana nayo, n'kuoneka kuti ziwirizi sizikugwirizana. Ku zachuma nako, pepala la 2010 la Carmen Reinhart ndi Kenneth Rogoff linasonyeza kuti mayiko amene ngongole yawo yapitirira 90 peresenti ya chuma chawo amakula ndi −0.1 peresenti. Mu 2013 Thomas Herndon, amene anali wophunzira pa University of Massachusetts Amherst, atapatsidwa fayilo yawo ya Excel anapeza kuti fomula yopezera avereji inasiya mayiko asanu: Australia, Austria, Belgium, Canada ndi Denmark. Iye ndi aphunzitsi ake atakonza zimenezi, pamodzi ndi zina zimene anatsutsa pa kasankhidwe ndi kawerengedwe ka deta, anapeza 2.2 peresenti. Anthu onsewa anali akatswiri pa ntchito yawo. Cholakwika chinakhala pamalo pamene sankayang'anapo.

Tsono mungayese bwanji khodi imene yankho lake simukulidziwa? Mumaipatsa funso limene yankho lake mukulidziwa. Pangani deta yabodza mwadala: sankhani mtengo weniweni, tinene kuti 2.5, pangani nawo miyezo, thiranimo phokoso, n'kuona ngati khodi yanu ibweza nambala yoyandikira 2.5. Ikalephera pa deta imene mwapanga nokha, palibe chifukwa choikhulupirira pa deta yeniyeni. Mwa ma test onse amene ndinalembapo, iyi ndiyo yandigwirira zolakwika zambiri, ndipo imatenga theka la ola.

Kenako chitani motembenuza. Sokonezani ma label a deta yanu (mayankho amene mukufuna kulosera) kuti asagwirizanenso ndi miyezo, n'kuyendetsa zonse. Model, khodi imene imaphunzira pa deta kuti izilosera, iyenera kugwa kufika poti ikungolota. Ikapitirirabe kukhoza, yankho likudontha kuchokera kwina. Kawirikawiri mumapeza kuti munthu mmodzimodzi ali m'deta yophunzitsira ndi yoyesera yomwe, kapena munasankha ma feature (miyezo yolosera nayo) pa deta yonse musanaigawe, kapena pali column imene inalembedwa chinthu chimene mukulosera chitachitika kale. `Pipeline` ya scikit-learn inapangidwa kuti masitepe okonzera deta aphunzire pa gawo lophunzitsira lokha, igwiritseni ntchito. Ndipo zotsatira zikakoma kuposa mmene mumayembekezera, muzizisecha mwakhama kuposa zoipa. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Tonsefe nambala ikatikhumudwitsa timasaka cholakwika usiku wonse, koma ikatisangalatsa timathamangira kukauza anzathu, ndipo zolakwika zotikomera zimapulumukira pamenepo.

Pali zinthu zina zimene mukudziwa kuti ziyenera kukhala zoona mulimonsemo, ndipo zimenezo zilembeni ndi `assert` pakati pa khodi pomwepo. Ma probability aphatikizane kukhala 1. Zaka za munthu zisatsike pansi pa 0. Tsiku lotuluka lisatsogole tsiku lolowa. Kuposa zonse, werengani mizere musanalumikize matebulo awiri ndi pambuyo pake. `merge` ya pandas ikapeza kiyi yobwerezedwa imachulukitsa mizere osanena kanthu, ndipo anthu 1,000 amasanduka 1,140 inu muli phee. Kuwonjezera `validate="one_to_one"` kapena `validate="many_to_one"` kumaichititsa kuima ndi kukuwa. Mayunitsi alembeni m'dzina la variable lenilenilo, `kutalika_cm`, `nthawi_s`, kuti wosakaniza aone ndi maso.

Musavutike kuyesa chilichonse. Khodi yojambula zithunzi maso anu amaiyesa okha. Ma test a `pytest` apite pa ma function ochepa amene nambala ya m'pepala imadutsamo: owerenga deta, oyeretsa, ndi owerengetsa chinthu chimene mukulengeza. Poyerekeza manambala a madesimo gwiritsani `pytest.approx` kapena `numpy.testing.assert_allclose`, osati `==`. Ndipo cholakwika chilichonse chimene mwachigwira chisiyireni test yake musanachikonze, poti zolakwika za m'deta zimakonda kubwereranso pakhomo pomwe zinalowera.

Khodi yakula ndipo mukuopa kuikhudza

Script ya mizere 1,500 imene inayamba ngati kuyesa kwa tsiku limodzi, tsopano anthu atatu akuidalira, ndipo aliyense wofuna kusintha kanthu amaikopera n'kupatsa kopeyo dzina lake. Ward Cunningham mu 1992 anayerekeza zoterezi ndi ngongole: kulemba mwachangu kuli ngati kubwereka, ndipo kubwereka si tchimo, koma chiwongoladzanja chake mumalipira nthawi iliyonse imene mukufuna kusintha chinthu. Mukaona kuti kuyesa lingaliro latsopano, kumene kale kunkatenga ola, tsopano kukutenga masiku awiri, chiwongoladzanja chaposa phindu ndipo nthawi yobweza yakwana.

Musalembe zonse mwatsopano. Chilakolako chimenecho chimabwera champhamvu, koma script yakaleyo ili ndi tizinthu tambiri timene munaphunzira movutikira, monga fayilo ija imene madeti ake analembedwa mosiyana, ndipo polemba mwatsopano mudzatiiwala. Choyamba tengani kachigawo ka deta koti kayende m'masekondi ochepa, yendetsani khodi mmene ilili, n'kusunga zotsatira zake. Sizikutsimikiza kuti khodiyo ndi yolondola, zikungokuuzani ngati mwasintha khalidwe lake. Ndiyeno dulani chidutswa chimodzi chikhale function, yendetsani, yerekezani, chitani commit. Bwerezani. Kukonza kaonekedwe ka khodi ndi kusintha sayansi yake musaziike mu commit imodzi, chifukwa nambala ikasuntha simudzadziwa chasunthitsa ndi chiti. Ikasuntha ndipo mwazindikira mochedwa, `git bisect` imagawa mbiri pakati mobwerezabwereza mpaka kuloza commit yolakwa, ndipo pa ma commit 100 imafunika kuyesa pafupifupi kasanu ndi kawiri basi.

Masitepe akachuluka moti mukuiwala choyamba n'chiti, alembeni mu Makefile kapena Snakemake, kuti lamulo limodzi lizichoka pa deta yosaphika mpaka pa chithunzi chomaliza.

Mwalongosola kwambiri, kafukufuku waima

Vuto ili limagwira anthu akhama, makamaka amene anapsapo ngati ine. Nditachira ku nkhani ya 0.84 ndinatha pafupifupi mwezi wathunthu ndikumanga dongosolo loti lizilandira mtundu uliwonse wa deta ndi model iliyonse, ndi ma class otengerana ndi fayilo ya config ya masamba awiri. Funso la kafukufuku litasintha, dongosolo lonse linakhala chopinga, chifukwa ndinalimangira mafunso amene ndinkaganiza kuti ndidzafunsa, osati amene anadzabwera.

Zizindikiro zake n'zosavuta kuziona. Papita milungu iwiri osaona chithunzi chatsopano. Muli ndi class imene ili ndi mwana mmodzi yekha. Kuti muyese kanthu kakang'ono muyenera kusintha mafayilo asanu. Mukulemba ma parameter a zinthu zimene simunayesepo n'kamodzi komwe. Ndinene mosabisa kuti nthawi zina kulongosola khodi ndi pobisalira. Khodi imamvera, ukaikonza imakonzeka, pamene funso la kafukufuku likhoza kukukana miyezi itatu. Mukadzipeza mukukongoletsa, dzifunseni ngati simukuthawa kuyendetsa kuyesa kumene mukuopa yankho lake.

Chothandiza ndi kupatsa chisokonezo malo ake ovomerezeka. Khalani ndi foda ya zoyesera, fayilo iliyonse iyambe ndi tsiku, ndipo m'menemo mulibe lamulo: koperani, matani, lembani manambala pakati pa khodi. Lamulo lili pakhomo lokha. Khodi ya m'foda yodalirika isatenge kanthu kuchokera m'foda ya zoyesera, ndipo nambala ya m'foda ya zoyesera isalowe m'pepala. Chinthu chikafunika kachitatu, kapena munthu wina akachipempha, chimasamuka, ndipo posamukapo chimalandira dzina labwino, `assert` zake ndi test. Kukopera kawiri n'kololeka, chifukwa pofika kachitatu m'pamene mumaona chimene chikufananadi ndi chimene chimasiyana. Zoyesera zakufa zifufuteni mopanda chisoni, Git ikuzikumbukira. Siyani mzere umodzi wokha wonena chifukwa chake zinafa, kuti pakatha chaka musadzaziyesenso.

Pepala likupita mawa ndipo zonsezi simunachite

Muli ndi maola awiri kapena atatu, ndiye sankhani. Chitani commit zonse mmene zilili, ngakhale zili zonyansa. Lembani ma version a malaibulale m'fayilo. Yambitsaninso kernel, yendetsani kuchokera pamwamba, ndipo mutenge pepala lanu ndi cholembera n'kuyerekeza nambala iliyonse ya m'matebulo ndi imene yatuluka pa sikirini. Imene sikugwirizana ndiyo ntchito yanu ya usiku uno, zina zonse zidikire. Lembani README ya mizere khumi yonena kumene deta ili, lamulo loyamba kuyendetsa, ndi script imene imatulutsa chithunzi chilichonse. Ikani tag. Pepala likadzalandiridwa mudzasunge khodiyo pa Zenodo, imene imapereka DOI (chizindikiro chosasintha chopezera chinthu pa intaneti), kuti owerenga adzapeze version yeniyeniyo.

Nthawi ikatsalako, pemphani mnzanu wa pa ntchito akhale pa kompyuta yake, atenge khodiyo ndi `git clone` m'foda yopanda kanthu, atsatire README yokha. Inu khalani pambali ndi kope, manja kutali ndi kiyibodi, pakamwa potseka. Pa mphindi zisanu zoyamba adzafunsa kuti fayilo ya `miyezo_yokonza.csv` ili kuti, ndipo mudzakumbukira kuti ili pa desktop yanu, ndiponso kuti munaikonza ndi manja mwezi wa March. Lembani zimenezo m'kope, mum'patse fayiloyo, apitirize mpaka paliponse pamene adzaimenso.